Tsiku Limene Jethro Kampamba Anapasa Mediko

Ku Kabwata kunalibe munthu wosamudziwa Jethro Kampamba, ngakhale kuti ambiri ankangodziwa njinga yake. Inali njinga ya mateyala atatu, yopalasa ndi manja, yopaka utoto wobiriwira. M'mawa uliwonse inkatuluka m'komboni, n'kulowera m'tauni, n'kudutsa njanji, mpaka ku Industrial kumene kuli mafakitale. Ku Lusaka kulibe mapiri, n'zoona, koma yesani inu kupalasa ulendo umenewo ndi manja okha, kupita ndi kubwera, zaka khumi ndi zisanu, muone ngati mapewa anu sadzakula ngati chitseko cha tchalitchi. Jethro anali ndi mapewa otero. Koma kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi, ayi ndithu, kunalibe chake.

Anabadwira ku Mufulira m'chaka cha 1946, bambo ake akugwira ntchito mumgodi. Poliyo anamupeza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ana ena matendawa ankawalanda mwendo umodzi n'kuwasiya. Kwa Jethro anatenga miyendo yonse iwiri, osakhuta, n'kukweranso kukadya minofu ya m'mimba ndi ya msana. Mwanayo atachira sankatha kukhala tsonga popanda chotsamira. Ukamukhazika pabenchi n'kumukankha ndi chala chimodzi, ankapendekeka mpaka pansi, manja ali kalikiliki kufunafuna pogwira.

Masiku amenewo mwana wotere ankamubisa kuseri kwa nyumba alendo akabwera. Amayi ake, ba Perpetua, anakana zimenezo, koma chikondi chawo chinali chowawa ngati mankhwala a malungo. Ankamukhazika pakhomo penipeni, pamene aliyense wodutsa amuone, ndipo akagwa sankamudzutsa. Ankangoima chapatali, manja m'chiuno.

"Uka wekha," ankatero. "Anthu akaona kuti umagwa, azayamba kukuponyela makobili. Ine sininabale wopemphapempha."

Jethro ankadzuka yekha, misozi ili m'maso, osailola kutsika. Ndiye mmene anakulira, ndipo musawaweruze msanga mayiwo, chifukwa ankadziwa dziko limene adzamusiyemo.

Dziko litalandira ufulu, bambo ake anapeza ntchito ya umesenjala ku Lusaka, banja lonse n'kusamukira ku Kabwata. Jethro anaphunzira kwa mmisiri wina ntchito yokulunga mawaya a mamota a magetsi, ntchito yofuna maso akuthwa ndi zala zoleza mtima, yochita uli chikhalire. Anaidziwa bwino kuposa mmisiriyo. Mu 1968 fakitale ina ku Industrial inamuyesa, kapitawo n'kukhutira, n'kumuuza kuti kwatsala chinthu chimodzi chokha, mediko. Aliyense wofuna ntchito ankayenera kuonedwa ndi dokotala. Ukapasa mediko, ntchito ndi yako. Ukalephera, bwerera kwanu.

Dokotala wa pamenepo sanataye naye nthawi. Anamukhazika pabedi lopanda chotsamira, n'kumukankha paphewa pang'ono chabe. Jethro anagwera chammbali, namwino n'kumuwakha. Dokotala analemba papepala kuti munthuyu sangagwire ntchito m'fakitale, basi, zatha. Mawaya onse amene anakulunga bwinobwino aja sanawerengedwe kanthu. Anabwerera ku Kabwata akupalasa ngati wamisala, ndipo masiku atatu anadzitsekera m'nyumba.

Tsiku lachinayi anatuluka ndi nzeru. Anakatola chidutswa cha lamba wa makina, uja wokhuthala amayendetsa katundu m'mafakitale, anachidula kutalika kuyambira m'chiuno mpaka pansi pa nthiti, n'kuboola mabowo mbali zonse ziwiri, n'kulowetsamo chingwe ngati cha nsapato. Akamumanga lambayo zolimba pansi pa vesiti, n'kukoka mpweya, n'kuugwira, mimba inkakankha lamba, lamba n'kugwira msana, munthu n'kukhala tsonga ngati wina aliyense. Anayeserera miyezi iwiri pabenchi ya kuseri kwa nyumba. Anaphunzira kuwerama n'kudzuka pogwedeza mutu ndi mapewa mwachangu, woonerera osazindikira kuti msana sukugwira ntchito. Atapita ku fakitale ina, kwa dokotala wina, anapasa. Kuyambira pamenepo mediko ankapasa chaka chilichonse.

Chinsinsi cha lambayo ankachidziwa munthu mmodzi yekha, mkazi wake Eness, wogulitsa kapenta ndi tomato pamsika wa Kabwata. Ndiye amene ankamumanga m'mawa uliwonse, bondo lake atalitsamiritsa pabedi kuti akoke bwino chingwe, ndipo ndiye amene ankamumasula akaweruka, n'kumupaka mafuta m'zilonda zimene lamba ankasiya m'nthiti. Mwana wawo Rhodah anakula akuganiza kuti bambo ake ali ndi msana wabwinobwino. Kutchalitchi, kufakitale, pamaliro, Jethro ankakhala wowongoka kuposa amuna a miyendo iwiri. Munthu akafuna kumukankhira njinga pamchenga, ankamuyang'ana ndi diso loti wachifundoyo ankachotsa manja yekha.

Zamasewera zinamupeza atakula kale. Panali mphunzitsi wina wa ku Chelstone, ba Chalwe, munthu wa mtima wabwino ndi pakamwa posatopa, amene anayambitsa kagulu ka olumala kokumana Loweruka lililonse masana pabwalo la kuseri kwa tchalitchi ku Kabwata. Ba Chalwe anali ndi wezulo, chingwe choyezera ndi buku limodzi lakale la masewera a anthu a miyendo iwiri. Zipangizo kunalibe. Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo m'masitolo munkangokhala mashelefu okhaokha, ndiye chitsulo choponya mukanachigula kuti? Msuweni wa ba Chalwe anawatumizira kuchokera ku migodi mpira wachitsulo, wa ija imaphwanya miyala m'zigayo za kopa. Anauyeza pasikelo ya wogulitsa nyama, anapeza kuti ukulemera bwino, basi nkhani inatha.

Jethro anapita tsiku loyamba kukangoonerera, ndipo kunena zoona anapita ndi mtima wonyoza. Ba Chalwe anamupatsa chitsulocho kuti ayese. Anasamuka panjinga n'kukhala pawilicheya, nakoleka mkono wamanzere kumsana kwa wilicheyayo, chitsulo anachiika pakhosi, n'kukankha. Chinauluka, chinapitirira pamene onse ankalekezera, n'kukagwa pafupi ndi mpanda wa abusa, nkhuku n'kubalalika. Bwalo lonse linakuwa.

Abale, kukuwa kumeneko ndi kumene kunamugwira. Moyo wake wonse anthu ankamuyang'ana chifukwa cha chimene chinamuchitikira. Tsiku limenelo anamuyang'ana chifukwa cha chimene iye wachita. Anabwerera kunyumba akuseka yekha panjira ngati mwana, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka silinamuphonye. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, Jethro ali pabwalo ndi chitsulo chake. Zaka zinayi anaponya, popanda womuyandikira n'komwe.

Woponya mnzake anali Morris, wosoka nsapato pakhonde la sitolo ina m'tauni. Poliyo anamudya mofanana ndi Jethro, miyendo ndi msana womwe, koma Morris sankabisa kanthu. Ankakhala chopendekeka, atadziphatika ndi mapilo, ndipo akafika pamchenga ankakuwa yekha kuti, "Iwe mwana, bwela unikankheko!" Kumaphunziro ankabwera sabata ino, sabata yamawa ayi, nthawi zina akununkha chibuku. Jethro ankamuona ngati munthu wotaya ulemu wa olumala onse. Sankadana naye, koma sankafuna kuti anthu aziwatchula pamodzi.

Mu 1984 kunabwera kalata. Anthu ena akufuna kwabwino a ku Ulaya anali atalipira ndege kuti olumala atatu a ku Zambia akapikisane nawo pamasewera aakulu a olumala kumeneko. Awiri akhale othamanga pawilicheya, mmodzi woponya chitsulo. Mpando umodzi wokha. Jethro anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, phewa lakumanja litayamba kale kumuluma m'mawa kukazizira. Ankadziwa kuti mwayi wotere sudzamupezanso, ndipo ndikuuzirenitu, sunabwerenso. Sankafuna zambiri. Ankafuna kuvala jekete lolembedwa dzina la dziko lake kumsana, alowe m'bwalo lalikulu, amve dzina la Kampamba likutchulidwa pachimkuzamawu, aponye katatu. Akatero, ankati, ngakhale afe.

Kalatayo inanenanso kuti mpikisano wosankha anthuwo usanachitike, kudzabwera dokotala wa ku Ulaya kudzayeza aliyense. Ba Chalwe atawerenga pamenepo anaimba wezulo, nasonkhanitsa gulu lonse pansi pa mtengo.

"Mwamvela? Kuli mediko," anatero, chala chili m'mwamba. "Muziba mediko imwe. Mzungu safuna kunyamula odwala mu ndeke. Wamene azaoneka wofoka, azasala. Manje aliyense aonetse mphamvu! Akakufunsa ngati umvela kuwawa, ukane. Osanichititsa nsoni."

Palibe amene anatsutsa. Akanatsutsa bwanji? Onse anali atalawapo mediko, wina pofuna ntchito, wina pofuna sukulu, ndipo onse ankadziwa mtundu umodzi wokha wa mediko, uja wochotsa ofooka. Ba Chalwe nawo sanapite kukafunsa kwa amene analemba kalata kuti dokotalayu akudzafuna chiyani kwenikweni. Paja safunsa anadya phula. Jethro yekha mumtima anaseka, chifukwa pa nkhani ya kupusitsa dokotala panalibe katswiri womuposa mu Lusaka monse.

Linali Lachisanu la mwezi wa Juni, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. M'mawa umenewo Jethro anauza Eness kuti akoke chingwe kuposa masiku onse.

"Bashi Rhodah, muzapuma bwanji?" anafunsa Eness, ataona khungu likutuwa m'mphepete mwa lamba. Ankaitanana choncho, bashi Rhodah ndi bana Rhodah, ndiye kuti bambo a Rhodah ndi mayi a Rhodah.

"Koka chabe, bana Rhodah. Nizapumila ku Ulaya."

Kuyezako kunachitikira m'kalasi ya sukulu ina ku Woodlands. Kunabwera anthu oposa makumi anayi, ena kuchokera ku Kabwe ndi ku Ndola, mawilicheya ndi ndodo zili mbwee pakhonde. Dokotala anali mmodzi yekha, mayi wachizungu wamtali, wowonda, mphuno itafiira ndi chimfine. Pofika nthawi ya Jethro dzuwa linali litapendeka, mayiyo atatopa, kunja kukadali mzere. Anamuuza kuti avule. Jethro anavula juzi ndi shati, vesiti yokhuthala n'kuisiya, akudandaula kuti kukuzizira. Dokotala sanakakamize.

Anamugogoda m'mawondo ndi kanyundo, miyendo ili zii. Kenaka anamuuza kuti asamukire pabenchi yopanda chotsamira, akweze manja onse m'mwamba. Jethro anakoka mpweya, anaugwira. Dokotala anamukankha paphewa kutsogolo, Jethro nji. Anamukankha cham'mbuyo, nji. Chammbali, nji. Anamuuza kuti awerame n'kudzuka osagwira kanthu. Jethro anawerama, anagwedeza mutu ndi mapewa mwa njira yake ija, n'kudzuka. M'maso munkachita mdima, nthiti zikulira, koma nkhope ikumwetulira.

"Mumagwa mukakhala popanda chotsamira?" anafunsa dokotala m'Chingerezi chapang'onopang'ono.

"Ayi."

"Mumavala chilichonse chogwira msana?"

"Ayi."

"Pali amene amakuthandizani kuvala m'mawa?"

"Palibe."

Mabodza atatu, onse osaphethira. Dokotala anagwedeza mutu, nanena kuti msana wake uli bwino kwambiri kwa munthu amene miyendo inafa chotero. Analemba nambala 4 pakhadi, n'kusaina. Jethro anatuluka khadi ili m'mwamba.

"Napasa!" anakuwa pakhonde, anzake n'kumuombera m'manja.

Womutsatira anali Morris. Iyeyu malangizo a ba Chalwe anawamva, ndipo anayesa ndithu, koma analibe lamba, analibenso zaka khumi ndi zisanu zoyeserera. Dokotala atangomukhudza anagwa, ndipo phokoso lake linamveka mpaka panja. Anatuluka akulira ngati wofedwa, khadi yake italembedwa 2.

"Nafeluka, ba Chalwe. Nagwa pamenso pa mzungu."

Ba Chalwe anamusisita pamutu, namuuza kuti asadandaule, abwerebe mawa adzaponye nawo kuti asangalatse anthu. Aliyense pakhondepo ankadziwa za kusukulu, kuti giredi 4 ili patsogolo pa giredi 2. Jethro anamumvera chisoni Morris tsiku limenelo, mpaka anamugulira chitumbuwa pageti.

Loweruka m'mawa bwalo la sukuluyo linadzaza. Kunabwera akuluakulu a komiti yokonza ulendowo atavala masuti a safari, kunabwera azimayi oimba, ndipo Eness anatseka benchi yake kumsika kuti adzaone mwamuna wake. Jethro atafika pamalo oponyera anapeza anthu akuyeza ndi chingwe, n'kumazika timbendera m'bwalo. Kambendera kena kanali pafupi, kolembedwa 2. Kena kanali patali ndithu, kolembedwa 4.

Mlembi wa komiti anaima ndi pepala la dokotala, nayamba kufotokoza. Anati kumasewera a ku Ulaya anthu sapikisana chisawawa. Dokotala amawagawa m'magulu potengera mmene thupi linawonongekera, kuti wopanda msana apikisane ndi wopanda msana mnzake, wa msana wolimba ndi wa msana wolimba mnzake. Gulu lachiwiri ndi la amene sangakhale tsonga okha. Gulu lachinayi ndi la amene miyendo yokha ndiyo inafa. Gulu lililonse lili ndi kambendera kake, ndipo wokwera ndege ndi amene apitirire kambendera ka gulu lake. Wosafika pa kambendera kake, ngakhale aponye kuposa onse, sapita.

Ba Chalwe wezulo inagwa pakamwa. Anayang'ana Jethro, n'kuyang'ana pansi.

Jethro anamva mawuwo ngati akuchokera kutali. Anayang'ana kambendera ka 2. Pamenepo ankapitirirapo tsiku lililonse, ngakhale ndi chimfine. Anayang'ana ka 4. Pamenepo anali asanafikepo chibadwire. Mediko imeneyi sinali yochotsa ofooka. Dokotala uja ankafuna kuona kufooka kwenikweniko kuti amuike pamalo ake, ndipo iye, ndi luso lake lonse, anamubisira.

Eness anamva zonse. Anadutsa chingwe chotchinga anthu, nadzagwada pambali pa wilicheya.

"Bashi Rhodah, dokota uja ali uko ku othamanga. Akuti azapita ku eyapoti masana. Tiyeni manje manje mukamuuze."

"Nikamuuze chani? Kuti n'nanama?"

"Mukamuonetse lamba."

"Pa anthu onse aba?" Jethro anayang'ana khamu, anayang'ana azimayi oimba, anaona ndi anzake awiri a kufakitale amene anabwera kudzamuchemerera. Anayang'ananso kambendera kakutali kaja, n'kuyeza ndi maso. "Nizafika. Choka, bana Rhodah, unichititsa nsoni."

Apa ndiye pamene ine ndimamukwiyira Jethro. Za dzulo lake tingati anasocheretsedwa, iye ndi anzake onse. Koma m'mawa uwu khomo linali lotsegula, dokotala ali poteropo, mkazi wake akumuchonderera. Anasankha yekha. Komanso ndikaganiza, ndimati munthu amene wamangidwa lamba zaka zonsezo angamumasule bwanji pa mphindi imodzi?

Anamangirira wilicheya yake kuzikhomo. Anakoleka mkono wamanzere, chitsulo pakhosi, n'kukankha. Chinapitirira kambendera ka 2 kutali, khamu n'kuphulika, azimayi nthungululu. Anthu wamba sankadziwa za magulu, ankangoona kuti palibe waponya chotero. Koma ka 4 kanali patsogolo ndi mapazi asanu. Kachiwiri anawonjezera, kunatsala mapazi atatu. Kachitatu anakhala nthawi yaitali chitsulo chili pakhosi, maso ali pa kambendera. Anakoka mpweya mpaka chingwe cha lamba chinalira, n'kukankha ndi zonse zimene anali nazo, za m'mapewa, za m'njira ya ku Industrial, za pakhomo la ku Mufulira. M'phewa munamveka kuthyoka ngati nkhuni youma. Chitsulo chinauluka kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake, chinatsika, n'kugwa. Woyeza anathamanga ndi chingwe. Kunatsala phazi limodzi ndi theka.

Morris anaponya pambuyo pake, atapendekeka pamapilo ake. Koyamba sanafike. Kachiwiri sanafike. Kachitatu chitsulo chinagwa kuseri kwa kambendera ka 2, kupitirira ndi chikhatho chimodzi chokha. Khamu silinakuwe n'komwe, chifukwa poyerekeza ndi za Jethro kunali kuponya kwa mwana. Morris mwiniwake sanamvetse mpaka mlembi atamugwira chanza.

Mayina anawerengedwa masana muholo ya sukulu, matebulo a tiyi ndi mabanzi atayalidwa kumbuyo. Wapampando wa komiti, ba Mpundu, munthu wonenepa wa mawu a pansi, analankhula nthawi yaitali za mmene dziko lathu limaikira munthu patsogolo pa zonse. Kenaka anatchula othamanga awiri. Kenaka anatchula Morris. Morris analira kachiwiri, ndipo pamene ankamukankha kupita kutsogolo anapewa kuyang'ana kumene kunali Jethro.

Jethro anapalasa wilicheya ndi dzanja limodzi, lamanja litalendewera, mpaka pamaso pa ba Mpundu.

"Ba chairman, pali kulakwika. Ine sindine wa gulu la folo. Nilibe msana. Nili monga Morris."

Ba Mpundu anatenga khadi, naiyang'ana. "Apa palembedwa folo, ba Kampamba. Dokota anasaina."

"N'namunama dokota. Muitaneni anipime futi."

"Dokota anapita kudala ku eyapoti. Ndipo ku Ulaya safuna siginecha yanga, afuna yake." Anamubwezera khadi. "Mailo munatuluka mukuwa ati napasa, tonse tinamvela. Lelo mwaluza, ati nilibe msana. Awe, ba Kampamba. Muziluza monga mwamuna."

Madzi akatayika saoleka, Jethro ankadziwa. Koma panali chinthu chimodzi chimene anali asanayese. Anavula juzi ndi dzanja limodzi. Anavula shati. Anavula vesiti. Anthu anayamba kusuzumira chinthu chakuda, chonyezimira ndi thukuta, chomanga munthu kuyambira m'chiuno mpaka m'nthiti.

"Bana Rhodah, bwela unimasule."

Eness anabwera. Sanamasulepo chingwe chimenecho pamaso pa munthu wina, ngakhale mwana wawo. Anamasula bowo limodzilimodzi. Lamba atachoka panaoneka thupi lotuwa, lopyapyala, mimba yolendewera, ndi zilonda ziwiri zofiira m'nthiti. Anzake a kufakitale aja anayang'ana kumbali. Jethro anadzikokera pabenchi imene inali pafupi, dzanja lamanzere likugwira m'mphepete.

"Onani," anatero.

Anasiya benchi, n'kukweza dzanja m'mwamba. Sipanafunike womukankha. Thupi linapindika pakati, linapendekera kumanja, kumene kunali phewa lothyoka lija, ndipo panalibe dzanja lotchinjiriza. Anagwa ndi phewa, mutu n'kugunda simenti.

Kenaka kumbuyo wina anaseka, kuseka kwa munthu wosadziwa chochita, ndipo ena awiri atatu anamutsatira.

"Ba Kampamba," anatero ba Mpundu, akupukusa mutu mwachisoni, "munthu mukulu ngati imwe, kuchita sewelo chifukwa cha ndeke? Tonse timuziba. Zaka zingati timuona munkhala bwino bwino mu chalichi?" Anatembenukira kwa anthu, nakweza mawu. "Tiyeni ku tiyi, izazizila."

Mabenchi anakhuluzika. Mawilicheya anatembenuka. Ba Chalwe anaima pakhomo kanthawi, wezulo ili m'manja, kenaka anatuluka panja osabwereranso.

Jethro anali chigonere pasimenti yozizira, tsaya lili pansi, magazi pang'ono akutuluka pamwamba pa diso. Eness anagwada, nalowetsa manja m'khwapa mwake kuti amudzutse.

"Nisiye," ananong'ona Jethro.

"Bashi Rhodah, pansi pazizila."

"Nisiye pang'ono. Aone."

Eness anachotsa manja. Anaimirira pambali pake, misozi ikutsika osaipukuta, n'kumadikira naye kuti wina acheuke. Koma onse anali atapereka misana, akukankhana kutebulo, chifukwa shuga anali m'mbale imodzi yokha ndipo aliyense ankafuna kuthira asanathe.